Bassoon ya ambuya ku Avondale: mtengo wake uli mu mtengo

Malilo akatha mu Lusaka muno, tenti itapasulidwa ndipo mipando yobweleka itabwezedwa ku chalichi, pamatsala nchito imodzi imene imayambanitsa abale: kugawa katundu. Zinthu zambili sizivuta. Filiji, TV, masofa, motoka, puloti ya ku Chongwe, zonsezi mtengo wake ni wodziwika, ndipo amene saudziwa angafunse pa Facebook n'kuyankhidwa dzuwa lisanalowe. Koma m'nyumba zakale za ku Kabwata, Chelstone, Woodlands na Avondale mumapezekanso katundu wosowa womuika mtengo: makina osokela a Singer, kamela ya filimu, malekodi a galamafoni, lipenga lophwanyika. Zinthu zaconco zimathela m'njila zitatu. Zina zimapita na anyamata a wilibala ogula zitsulo, zina zimakhala zidole za adzukulu, zina zimakwezedwa pamwamba pa wadilopu mpaka ciswe citaweluza mlandu.

Ise amene timadzipeleka pa wailesi ya m'dela lathu, pulogilamu ya nyimbo zakale yatilowetsa m'nyumba zambili zaconco. Taona magitala opanda nsambo, ma accordion odyedwa na makoswe, ng'oma zobooka. Koma cimene catiphunzitsa kwambili za mtengo wa zinthu zakale ni bassoon imodzi ya ku Avondale. M'Cinyanja cathu liu lakuti mtengo lili pawili, mtengo wa m'thengo na mtengo wa pa msika. Pa bassoon awiliwa amayendela pamodzi. Thabwa lake likakhala lolimba, ingagule motoka. Likawola, yatsala cabe yokolowekedwa pa cipupa.

Nkhani yake inatipeza pa WhatsApp ya situdiyo. Mtsikana wina wa ku koleji analemba kuti ambuya ake aamuna anasiya cikesi cakuda, m'kati muli "vimitengo vinayi va vitsulo-vitsulo, monga mfuti yomasula", ndipo amalume ake afuna kucipatsa munthu wina amene wachula K1,500. Tinayenda pa Ciwelu, pamodzi na mdala wina amene amatithandiza pa pulogilamu. Iwo anapuma nchito mu bandi ya yunifomu ataimba clarinet zaka zambili.

Ambuya aakazi ndiwo anatulutsa cikesi. "Ana anga, ici cinthu cinali mkazi mnzanga," anatelo uku aseka. "Madzulo alionse atate anu anali kucipukuta na kansalu, kulowetsa m'kati, kutulutsa, ine nsima izizila pa tebulo." Amalume aja anaponyapo nthabwala ya lamulo la 1989 logawa cuma ca munthu womwalila osalemba wilo, lija limati 20 pelesenti kwa mkazi kapena mwamuna, 50 kwa ana, 20 kwa makolo na 10 kwa odalila. "Vidunswa vilipo vinayi," anatelo, "aliyense atengeko cimodzi, nkhani yasila." Tonse tinaseka kupatulapo mdala wathu. Iwo anali atagwada kale pa mphasa, mphuno ili mu cikesi, anunkhiza.

Tiyambe tafotokoza cinthu ici, cifukwa ambili a ise tinakula osacionapo. Bassoon ni citolilo cacikulu ca thabwa, ca mau apansi. Paipi yake ikanakhala yoongoka ikanatalika mamita awili na hafu, conco anaipinda pawili kuti munthu athe kuigwila. Ikalumikizidwa imaima mita imodzi na masentimita 34, ndipo imalemela makilo atatu na kuposelako. Ili na zidutswa zinayi za thabwa la maple, mtengo wa kumaiko ozizila, na kapaipi kacitsulo kopindika kamene amakacha bocal. Kunsonga kwa kapaipi aka amavekako tumabango tuwili topalidwa bwino n'kumangidwa pamodzi. Woimba akauzila, tumabango utu tumanjenjemela, ndipo mau amayambila pamenepo. Makiyi ake ni ambili cakuti cala cacikulu ca kumanzele cokha cimayang'anila makiyi 9 kapena 10. Ajelemani amaicha Fagott, Aitaliya fagotto, ndipo ambili amagwilizanitsa dzinali na liu lotanthauza mtolo wa nkhuni. Amene anaionapo itamasulidwa mu cikesi sangatsutse.

Dzina lingakhale lacilendo, koma mau ake munawamvapo imwe. Mu makatuni, munthu wonenepa akamanyang'ama usiku kupita ku filiji, kambili cimene cimalila kumbuyo ni bassoon. Mu filimu ya Fantasia ya 1940, masace a Mickey Mouse amaguba pa nyimbo ya Paul Dukas imene ma bassoon ndiwo amaitsogolela. Sergei Prokofiev polemba Peter and the Wolf mu 1936 anapatsa cinyama ciliconse na munthu aliyense coimbila cake, ndipo mau a ambuya ong'ung'udza anawapatsa bassoon. Mozart anailembela concerto mu 1774 ali na zaka 18. Ngakhale mu Tears of a Clown ya Smokey Robinson and the Miracles, imene timaiika kawili-kawili pa pulogilamu yathu, kamene kamadumpha-dumpha pansi paja ni bassoon.

Nanga cinthu ca ku Ulaya cotele cinafika bwanji ku Avondale? Atsamunda a ku Britain anabwela na mwambo wa mabandi a asilikali na apolisi, ndipo titalandila ufulu mu 1964 mwambo uwu sitinautaye. Mabandi a Zambia Army, Zambia Air Force, Zambia Police na ZNS ndiwo timawaona pa Youth Day pa 12 March, pa 24 October, na pa miyambo ya pa Freedom Statue. Pa msewu timamva malipenga na ng'oma cifukwa ndizo zili na phokoso. Koma bandi yokwanila ya mtundu wa ku Britain ikakhala pansi pa konsati imakhalanso na ma flute, ma clarinet, oboe na bassoon. Ambuya a ku Avondale anaphunzilila mu bandi yaconco. Iyi ya mu cikesi inali yawo-yawo. Anaigula m'zaka za m'ma 1970 kwa mphunzitsi wina wacizungu amene anali kubwelela kwawo, ndipo kalisiti kolembedwa pamanja kanali kakali m'kathumba ka cikesi.

Kapepala aka musakapeputse. Coimbila cokhala na cidindo ca bandi ya boma kapena ca chalichi si ca banja, olo citagona m'nyumba zaka 40, ndipo wogula wanzelu amafunsa kumene cinacokela asanafunse mtengo. Lisiti, cithunzi ca mwini wake ataigwila, kalata ya pa nchito, zonsezi zimalowa pa mtengo.

Cinthu coyamba cimene odziwa amayang'ana ni dzina na nambala. Mlongosi wa mtsikana uja anali atafufuza kale pa intaneti, ndipo maso anali atafiila. Anapeza dzina lakuti Heckel. Kampani iyi inayamba mu 1831 ku Biebrich, dela limene lelo lili mu mzinda wa Wiesbaden ku Germany, ndipo oiyambitsa, Johann Adam Heckel na Carl Almenräder, ndiwo anakonza kaikidwe ka makiyi kamene pafupi-fupi dziko lonse limatsatila lelo. Heckel yatsopano imapitilila madola 40,000, ndipo woifuna amalembetsa n'kuyembekeza zaka. Za m'zaka za m'ma 1930, za manambala a m'ma 7000 na 8000, akatswili amazilimbilana mpaka pano. Mnyamata uja anali ataona kale nyumba ku Ibex.

Mdala anapukuta fumbi pa cidutswa ca pamwamba n'kuunika na tochi ya pa foni. Panalembedwa Püchner, pansi pake Nauheim. Nkhope ya mnyamata inagwa, koma mdala anagwedeza mutu mokhutila. Püchner ni dzina lolemekezeka, la zoimbila za akatswili. Banja ili linayamba nchito mu 1897 ku Graslitz, tauni imene lelo ni Kraslice ku Czech Republic, ndipo nkhondo yaciwili itatha linasamukila ku Nauheim n'kuyambilanso mu 1948. Conco liu limodzi lija lakuti Nauheim linatiuza kuti bassoon iyi ni ya pambuyo pa nkhondo. Kuti munthu adziwe caka ceni-ceni, amakopela nambala yodindidwa pa thabwa n'kuitumiza kwa opanga. Maina ena amene mungakumane nawo ni Fox ya ku Indiana ku America, imene Hugo Fox anaiyamba mu 1949, Moosmann, Mollenhauer, Schreiber, Adler na Kohlert. Ena mwa awa anapanga za akatswili, ena za ana a sukulu, ena zonse ziwili, ndipo kusiyana kwa mtengo wake kuli monga kwa Land Cruiser na Vitz.

Pali misampha iwili imene imagwetsa mtengo olo dzina likhale labwino. Woyamba ni mtundu wa makiyi. Kupatula wa ku Germany, palinso wa ku France, wa kampani ya Buffet, umene Angelezi anali kuseŵenzetsa mpaka ca m'ma 1930. Mau ake ni okoma, koma oimba mtundu uwu atsala ocepa, conco ogula nawonso ni ocepa. Waciwili ni kacunidwe. Lelo zoimbila zimacunidwa pa A ya 440 Hz kapena pafupi pamenepo, muyezo umene anagwilizana ku London mu 1939. Mabandi akale a asilikali a ku Britain anali kuimba pamwamba kuposa apa, ndipo citolilo ca thabwa copangidwila kacunidwe kakale kaja sungacitsitse monga mmene umamasulila nsambo ya gitala. Mabowo anaboola kale. Cingakhale cokongola bwanji, mu bandi ya lelo cimamveka monga munthu woimba yekha nyimbo ina mu kwaya. Ya ku Avondale inapulumuka misampha yonse iwili.

Cinthu caciwili, cimene ndico cacikulu, ni umoyo wa thabwa. Apa m'pamene mdala anatenga nthawi, ndipo m'pamene mwambi uja wakuti cikome-kome ca mkuyu m'kati muli nyelele umagwila nchito. Kunja bassoon inali yomvetsa cisoni. Makiyi anali bii, utoto utasupuka pamene manja anali kugwila. Mdala anati zonsezo ni zazing'ono. Kuda kwa makiyi ni kwa pamwamba cabe, kumacoka. Utoto wosupuka umangoonetsa kuti cinthu cinali kuimbidwa. Matenda akupha amakhala m'kati.

Munthu akauzila citolilo, mpweya wake umasanduka madzi m'kati mwa paipi, ndipo madzi awa amatsikila ku cidutswa ca pansi, cija cokhuthala cimene paipi imapindikila. Amacicha boot. M'kati mwake muli mabowo awili oyendela limodzi, ndipo pansi peni-peni amalumikizidwa na kapaipi kacitsulo kooneka monga U. Bowo laling'ono opanga amalikuta na labala yolimba kuti madzi asakhudze thabwa. Lalikulu, pa ma bassoon ambili akale, ni thabwa cabe. Woimba akakhala waulesi wosapukuta, kapena akamagoneka bassoon ili na madzi, madziwo amawolokela ku mbali yosakutidwa n'kuyamba kuoletsa maple mwakacetecete. Kunja kumakhala kowala, m'kati muli fumbwe. Ici ndico mdala anali kununkhiza: fungo la nkhungu.

Anavula cisoti ca pansi, anamasula kapaipi ka U mosamala, anaunika. Panali kadontho kakuda kaciwelengelo ka kobili ya 50 ngwee. Anakanikiza na cikhadabo kuzungulila bowo lonse. Thabwa linali gwa, kupatula pa kadontho paja pamene panafewa pang'ono. Anayang'ana ambuya aakazi n'kunena kuti, "Amai, nsima yanu sinazizile pacabe. Kansalu kaja ndiko kasunga ici cinthu." Ambuya sanayankhe. Anangokonza citenge pa mapewa.

Kucoka apo anafufuza ming'alu, maka-maka polumikizila zidutswa pamene thabwa ni lopyapyala, ndipo sanaipeze. Anatenga cidutswa cimodzi-cimodzi, kutseka mapeto na cikhato, kutseka mabowo na zala, n'kuyamwa mpweya. Citolilo cabwino cimagwila lilime monga botolo. Ici cinali kudontha mpweya paliponse, cifukwa tumapadi twa cikumba tumene tumatseka mabowo tunauma, twina tunadyedwa na tuzilombo, ndipo ulusi wokulungidwa polumikizila unali utafumbwa. Izi zimasinthidwa, monga matayala a motoka. Ma bocal analipo awili. Wina unali na kamng'alu pa msoko, wina unali bwino. Aka n'kacitsulo kamene mwana angakapinde poseŵela, koma kabwino kamagulidwa madola mahandiledi angapo, ndipo ka Heckel kamafika pa 1,000. Ngati m'nyumba mwanu muli cikesi caconco, kapaipi aka ndiko koyamba kubisa.

Tikumbukilenso kuti maple anakulila kumene kulibe October wathu. Kuno kucokela mu June mpaka mvula itagwa, mpweya ni wouma, fumbi lili paliponse, ndipo pansi pa malata kumatentha monga mu uvuni. Thabwa limafota, mphete zacitsulo zimakhwefuka, makiyi amayamba kugwilana. November ikafika cinyezi cimabwela, thabwa limatupa, nkhungu imamela mu cikesi. Caka ciliconse ca kufota na kutupa uku cimadyako mtengo. Pamwamba pa wadilopu, mu siling'i na mu galaji ndiwo malo oipa kwambili. Pabwino ni m'cipinda cogona, cikesi cotseka, kutali na windo, cosakhudza simenti.

Ndiye pali cikondi cathu cokonza zinthu. Ise a Lusaka timadziwa kuukitsa zakufa. Ma welder a ku Kalingalinga na amakanika a ku Soweto angadzutse motoka imene Japan anaiiwala. Koma bassoon si ya super glue, si ya Brasso, si ya saladi, si ya vanishi ya ku hardware. Mabowo ake anayezedwa mpaka pa kagawo ka milimita. Wopala m'kati na sandpaper kuti muyele wasintha mau ake kwamuyaya, ndipo wogula wodziwa akaona guluu pa mng'alu amatsitsa mtengo nthawi yomweyo. Cinthu cakale cosakhudzidwa cimaposa cokonzedwa molakwika. Kansalu kouma n'kokwanila.

Panatsala mphete yoyela ya pamwamba peni-peni. Pa ma bassoon ambili akale a ku Germany mphete iyi inali ya mnyanga wa njovu, ndipo pambuyo pake anayamba kuika pulasitiki. Kwa ise a ku Zambia iyi si nkhani yoseka. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa pansi pa pangano la CITES mu 1989, ndipo kuno Zambia Wildlife Act ya 2015 imafuna kuti wosunga mnyanga akhale na cikalata. Wopezeka nawo alibe pepala angalowe m'ndende. Oimba a kunja ambili anacotsa mphete zaconco n'kuikapo za pulasitiki kuti asavutike pa malile a maiko. Conco musanaganize zonyamula bassoon yakale kupita nayo pa Kenneth Kaunda International Airport, mphete iyi ionedwe na wodziwa, ndipo ikakhala ya mnyanga, njila ni ya ku Department of National Parks and Wildlife ku Chilanga. Safunsa anadya phula.

Cinthu cacitatu ni msika, ndipo apa m'pamene maloto amakumana na masamu. Mtengo umene mumaona pa intaneti ni wa bassoon yokonzedwa kale, ili m'sitolo ku London, Berlin kapena New York, kumene woimba angaiyese mlungu wathunthu asanalipile. Yanu ili ku Avondale, idontha mpweya. Kuti ifike pa mtengo uja iyenela kupita kwa mmisili wa ma bassoon ku South Africa kapena ku Ulaya. Kusintha mapadi onse, kukonza makiyi na kuciza thabwa lowola ni nchito ya masabata, ndipo imadya madola masauzande. Onjezamponi ndalama yotumizila, inshuwalansi, na gawo la sitolo imene idzakugulitsilani. Cotsala ndiye mtengo weni-weni wa cimene cili mu cikesi. Pa bassoon ya ana a sukulu yowola, cotsalaco cingakhale zilo. Pa ya dzina labwino ya thabwa lolimba, cimakhala ndalama imene ingaphunzitse mwana ku koleji. Si nyumba ya ku Ibex, koma si K1,500.

Wochula K1,500 uja sitimuweluza. Mwina anali kufuna cokongoletsa mu bala, mwina anali kudziwa bwino cimene waona. Koma nkhani yaconco tinaionapo kale pa Zed. M'zaka za m'ma 1970 tinali na WITCH, Amanaz, Ngozi Family ya Paul Ngozi, na Musi-O-Tunya ya Rikki Ililonga. Makaseti na ma CD atabwela, malekodi awo tinawataya, ena ana anali kuponyelana pabwalo. Ca m'ma 2010 kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso nyimbo izi, dziko linadzuka, ndipo lelo lekodi yoyambilila ya Lazy Bones!! kapena ya Africa, zonse za mu 1975, osonkhanitsa a kunja amaigula madola mahandiledi. Ambili mwa malekodi awa anacoka m'nyumba zathu pa mtengo wa mbale ya nsima. Ogula sanabe. Anangodziwa cimene eni ake sanafunse.

Manje funso lovuta ni ili: igulitsidwe kapena isungidwe? Ku Avondale banja linagawanika. Amalume anali kuona ndalama za sukulu za adzukulu atatu, ndipo palibe angawanene kuti ni adyela. Mtsikana uja anali kuona ambuya ake. Anagwilizana cinthu cimodzi cabe, cakuti asathamange. Anajambula zithunzi za dzina, nambala, m'kati mwa boot na ma bocal, n'kuzitumiza kwa amisili awili osiyana kuti amve zonena zawo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ife maganizo athu ni awa. Kugulitsa pa mtengo woyenela si kupeputsa womwalila. Munthu amene anapukuta cinthu zaka 30 anasungila adzukulu cuma, ndipo cumaco cikasanduka digili, wagwila nchito yake. Kusunga nakonso n'kwabwino, koma pokhapo ngati cidzalila. Bassoon si cithunzi ca pa cipupa. Njila yoipa ni yacitatu, imene mabanja ambili amasankha osadziwa kuti asankha: kukangana, kutopa, n'kubweza cikesi pamwamba pa wadilopu kuti tidzaona. Mvula zisanu zikapita sipakhala cogulitsa, sipakhalanso coimba.

Ndipo oimba alipo, kapena angakhalepo. Ku Evelyn Hone College pa Church Road amaphunzitsa nyimbo. Ku Kabulonga kuli Ngoma Dolce Music Academy. A New Apostolic Church ali na ma orchestra odzala na acinyamata, ndipo mabandi a yunifomu akali kulemba anthu nchito. M'magulu aconco ma violin na malipenga sasowa. Cimene cimasowa ni zoimbila zodula monga oboe na bassoon, cifukwa palibe kholo la ku Chelstone kapena ku Chainda lingagulile mwana cinthu ca mtengo wa motoka kuti ayese ngati adzacikonda. Banja lokhala na bassoon yabwino lingaibweleketse kwa wophunzila, na cipangano colemba: nambala yake, amene adzalipila kukonza, kumene idzagona. Maiko ena ndimo mmene zoimbila zakale zimakhalila na moyo. Mwini amakhala mwini, cinthu cimalila, ndipo cinthu cimene cimaimbidwa na kupukutidwa cimasungika kuposa cogona.

Kwa wacinyamata amene mtima wagunda poŵelenga izi, ticenjezeletu kuti njila si yofewa. Tumabango tuja tumapangidwa na bango la mtundu wa Arundo donax, limene labwino kwambili limalimidwa ku Var, kum'mwela kwa France. Kamodzi kamatha m'masabata ocepa, ndipo pa Cairo Road simudzakapeza. Oimba ambili amaphunzila kupala okha. Koma ganizilani mbali ina. Oimba gitala na keyboard mu Lusaka ni osaŵelengeka, ndipo onse alimbilana maukwati amodzi-modzi. Wodziwa bassoon, gulu lililonse lofuna kuimba nyimbo za orchestra zokwanila lidzamufuna-funa. Nchito ina imene ili poyela ni ya ummisili. Mtengo wa phingo, umene ma clarinet na ma oboe abwino amapangidwa nawo, umadulidwa kwa anansi athu ku Tanzania na ku Mozambique, umapita ku Ulaya, umabwelako uli na makiyi, ndipo padi imodzi ikacoka timasowa woimata. Mnyamata wa manja abwino amene amakonza mafoni pa Katondo Street angaphunzile kukonza zitolilo, ndipo mabandi na machalichi angamupatse nchito ya moyo wonse.

Conco mukapita kwa ambuya kumapeto kwa sabata, yang'anani pamwamba pa wadilopu na kunsi kwa bedi. Mukapeza cikesi, citsitseni na manja awili. Musalumikize zidutswa mokakamiza, musapake ciliconse, ndipo ana asauzile. Lembani dzina na nambala, jambulani zithunzi, sungani kapepala kalikonse kali m'kati, funsani anthu awili odziwa musanayankhe wogula aliyense. Ndipo ngati mwini wake akali moyo, khalani nawo pansi, yatsani rekoda ya pa foni, muwafunse kumene anacigula, amene anawaphunzitsa, na kumene anaimbapo. Nambala ya pa thabwa opanga angakuuzeni caka cake olo patapita zaka 100. Izi zina angakuuzeni ni ambuya okha.